Zoti nyimbo ya fuko anapeka ndani

Achimwene mwafunsa kuti nyimbo ya fuko lathu anapeka ndani komanso bwanji timangoimba ndime imodzi, ndiyankheko pang'ono. Anapeka ndi Michael Sauka, mawu ndi maimbidwe omwe, boma litachititsa mpikisano pokonzekera ufulu wa pa 6 July 1964. Nthawi ya Nyasaland anthu ankaimirira pa God Save the Queen, ndiye tangoganizani usiku umenewo ku Blantyre, Prince Philip ali pompo, mbendera ya azungu ikutsika yathu ikukwera.

Ndime zilipo zitatu achimwene, kungoti pa zochitika amadula kuti nthawi isathe, ndiye ambiri yachiwiri ija tikaiyamba timangong'ung'udza basi kkkk. Ine ndinaiphunzira ku pulayimale kuno ku Thyolo, asembule ya m'mawa mu June chiperoni chili tsaa, minda ya tiyi osaoneka ndi nkhungu, ife mapazi opanda nsapato mano ali gwegwegwe koma aheadi akuti manja m'mbali, chipewa pansi, ukangoseka kapena kukanda mwendo ndiye kuti lero ukazula udzu kuseri kwa ofesi.

Pano imaimbidwa kukabwera Pulezidenti, potsegulira Nyumba ya Malamulo, pa 3 March, komanso ma Flames asanayambe gemu. Chimandikhudza ine ndi adani omwe a Sauka anatchula muja, njala, nthenda ndi nsanje. Nsanjeyo anaiika dala, amatidziwa bwino mkulu ameneyu.