Makalata otsatsa malonda ku Britain: omwe lamulo lingakuletsereni, ndi omwe silingathe

Mayi wina wa ku Malawi yemwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester wafunsa motere. Chilowereni m'nyumba ya lendi chaka chatha, tsiku lililonse akabwera ku ntchito amapeza mulu wa mapepala pansi pa chitseko: timapepala ta malo ogulitsa zakudya, makatalogu a zovala, makalata omunyengerera kutenga khadi la ngongole, mabungwe opempha thandizo, komanso makalata a munthu yemwe ankakhala m'nyumbamo kale, ena mwa iwo ooneka kuti ndi a okakamiza ngongole. Anamata chikwangwani choletsa pakhomo koma palibe chasintha. Akufuna kudziwa ngati angasumire makampaniwa, komanso ngati n'kulakwa kungowotcha zonse.

Mayi, musawotche kaye. Lamulo la ku Britain siliona muluwo ngati chinthu chimodzi, ndipo mphamvu zanu zimadalira zomwe zalembedwa pa envelopu. Ikakhala ndi dzina lanu, muli ndi ufulu wonse woiletsa. Ikakhala yopanda dzina, mumangodalira ndondomeko zomwe makampani anagwirizana okha. Ikakhala ndi dzina la munthu wina, si yanu n'komwe.

Tiyambe ndi ya dzina lanu, chifukwa apa ndi pomwe lamulo lili ndi mano. Ambiri amadabwa kuti kampani yomwe sanagulepo kanthu ikuwalembera bwanji popanda chilolezo. Malamulo a mu 2003 otchedwa PECR, omwe amafuna kuti munthu ayambe wavomera asanatumiziridwe malonda, amakhudza imelo ndi mameseji a pafoni. Positi sakuikhudza. Choncho kampani imaloledwa kukulemberani kalata yoyamba pongonena kuti ili ndi chifukwa chomveka cha bizinesi. Koma mukangonena kuti ayi, chifukwa chawocho chathera pomwepo. Ndime 21 ya UK GDPR, lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu monga dzina ndi adiresi, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi Data Protection Act ya mu 2018, imati munthu akakana kuti dzina ndi adiresi yake zigwiritsidwe ntchito potsatsa malonda, kampaniyo iyenera kusiya. Simukuyenera kupereka chifukwa, simulipira kalikonse, ndipo iwo alibe mpata wokambirana nanu.

Lamulo limalola kukana ngakhale pakamwa, koma ine ndimalangiza kulemba, popeza foni siisiya umboni. Tembenuzani envelopu kapena yang'anani pansi penipeni pa kalatayo, pa timalemba ting'onoting'ono tija, mupeza dzina lenileni la kampani ndi adiresi yake. Nthawi zambiri pamwamba pa dzina lanu pamakhalanso kanambala kataliko. Kakopereni, ndi komwe amakupezerani m'kompyuta mwawo. Lembani dzina lanu monga momwe iwo alilembera, ngakhale alilakwitsa, adiresi yonse ndi postcode, tsiku, kenako mawu awa: "I object to the use of my personal data for direct marketing under Article 21 of the UK GDPR. Please add me to your suppression list." M'kalata yomweyo afunseni kuti dzina lanu analitenga kuti. Ndime 15 imawakakamiza kukuuzani zomwe akudziwa pa nkhaniyi, ndipo yankho lake ndi lamtengo wapatali, chifukwa kawirikawiri mumapeza kuti makampani angapo anagula dzina lanu kwa wogulitsa mmodzi. Mukamulembera ameneyo mwatseka pa gwero. Potumiza, pemphani pa kauntala ya Post Office kapepala ka umboni woti mwatumiza, ndi kaulere.

Pali cholakwika chimodzi chomwe anthu okwiya amachita: amalamula kampani kuti ifufute dzina lawo kotheratu. Zimamveka bwino, koma zimabweza m'mbuyo. Kampani ikafufuta chilichonse, mawa ikagulanso mndandanda wina wa maina, dzina lanu limalowa ngati latsopano ndipo makalata amayambiranso. Chomwe mukufuna n'choti dzinalo alisunge pa mndandanda wa anthu osayenera kulemberedwa, womwe ndi "suppression list" ija. N'chifukwa chake chiganizo chachiwiri chija chili pamenepo.

Kampani ili ndi mwezi umodzi woti ikuyankheni. Kalata imodzi kapena ziwiri zikhoza kufikabe chifukwa zinali zitasindikizidwa kale, koma miyezi iwiri ikadutsa zikubwerabe, lembaninso kamodzi mowakumbutsa tsiku la kalata yoyamba, kenako kadandauleni ku Information Commissioner's Office, ofesi yomwe imayang'anira malamulowa. Kudandaula ndi kwaulere ndipo kumachitika pa intaneti. Musachedwe: ofesiyi imafuna kuti dandaulo lifike pasanathe miyezi itatu kuchokera pomwe munalankhulana komaliza ndi kampaniyo, ndipo idzafuna kuona kuti munayamba mwawalembera eni akewo. Sungani makalata pamodzi ndi maenvelopu ake, n'kumalemba tsiku lomwe iliyonse yafika.

Kulembera kampani imodziimodzi n'kotopetsa, ndiye chitani kaye zinthu ziwiri zomwe zimadula ambiri nthawi imodzi. Choyamba ndi Mailing Preference Service, kaundula waulere yemwe amayendetsedwa ndi bungwe la otsatsa malonda la Data & Marketing Association. Mukalembetsa, makampani omwe amatsatira ndondomekoyi amachotsa dzina lanu asanatumize makalata kwa anthu omwe si makasitomala awo. Zimatenga mpaka miyezi inayi kuti muone kusintha konse. Lembetsani dzina la kwanu, la kubanja, ndi kalembedwe kalikonse kolakwika komwe mumakaona pa maenvelopu, popeza maina athu amapotozedwa kwambiri kuno ndipo kompyuta imaona ngati ndi anthu osiyana. Dziwaninso malire ake: sikuletsa banki yanu, shopu yomwe munagulako kale, kapena makalata ochokera kunja kwa dziko. Amenewo muwaletse pogwiritsa ntchito Ndime 21. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akulembetseni, ameneyo ndi wakuba.

Chachiwiri anthu ambiri sachidziwa. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zomwe zili ndi chilolezo chokhala ku Britain zimaloledwa kulembetsa voti chifukwa maikowa ali mu Commonwealth, ndipo ambiri amalembetsa kuti mbiri yawo ya ngongole iziyenda bwino. Kaundula wa ovota ali mitundu iwiri. Wathunthu amagwira ntchito pa zisankho, komanso makampani osunga mbiri ya ngongole monga Experian, Equifax ndi TransUnion amaloledwa kumuona. Winayo, wotchedwa open register, aliyense akhoza kumugula ku khonsolo. Pa fomu yolembetsera pali kabokosi kakang'ono koti muchonge ngati simukufuna kukhala mu kaundula wogulitsidwayu, ndipo munthu akamathamanga amakadumpha. Imbani kapena lemberani ku ofesi yolembetsa ovota ya khonsolo yanu, muwauze kuti akuchotseni mu open register. Voti yanu siikhudzidwa, mbiri ya ngongole siikhudzidwanso. Mukadzasamuka n'kulembetsanso, kumbukirani kabokosi kaja.

Mabungwe opempha thandizo ali ndi khomo lawolawo. Mu 2015 dziko lonse la Britain linagwedezeka ndi nkhani ya Olive Cooke, gogo wa zaka 92 wa ku Bristol, yemwe ankalandira makalata opempha ndalama oposa 200 pa mwezi umodzi. Zitatero kunakhazikitsidwa Fundraising Regulator, ofesi yoyang'anira kapemphedwe ka mabungwewa, mu 2016, ndipo mu 2017 ofesiyi inatsegula Fundraising Preference Service. Mumatchula dzina la bungwe lomwe simukufuna kuti lizikulemberani, iwo n'kulidziwitsa. Mukhozanso kuchitira munthu wina yemwe sangathe yekha, zomwe n'zofunika kwa inu amene mumasamalira okalamba, ngakhale kuti pa ntchito muyenera kudzera kwa abale ake kapena akuluakulu anu, osati kuchita panokha. Dzina la malemu likamabwerabe pa makalata, lilembetseni ku The Bereavement Register, komwenso ndi kwaulere.

Tsopano timapepala topanda dzina. Apa ndikuuzeni zoona: palibe lamulo lomwe limaletsa munthu kuponya kapepala pa kabowo ka chitseko chanu, ndipo chikwangwani munamata chija ndi pempho chabe. Ena ogawa timapepala amachilemekeza, koma wa positi sachitsatira, chifukwa Royal Mail, kampani ya positi, inalipidwa kuti igawe timapepalato nyumba iliyonse, ndipo iye amangosiya nyumba yomwe ofesi yake yamuuza. Njira yake ndi fomu ya Royal Mail yotchedwa Door to Door opt-out. Itengeni pa webusaiti yawo, muisindikize, musaine, muitumize pa adiresi yaulere yomwe ili pa fomupo. Iyamba kugwira ntchito pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ndipo imatha pakapita zaka ziwiri, ndiye lembani tsikulo penapake. Fomuyo imatseka nyumba yonse, choncho ngati mukukhala ndi anzanu a lendi ayenera kuvomereza onse. Kwa makampani ena ogawa timapepala pali ndondomeko ina ya Data & Marketing Association yotchedwa Your Choice, yomwe imatenga pafupifupi masabata 12 ndipo nayonso ndi ya zaka ziwiri. Mnyamata wotumidwa ndi lesitilanti ya pakona sali m'ndondomeko iliyonse. Pamenepo n'kungolankhula ndi mwini lesitilantiyo. Pa nthawi ya zisankho za aphungu mudzalandirabe mapepala a opikisana, popeza lamulo la zisankho la mu 1983 limapatsa aliyense wa iwo mwayi wotumiza uthenga umodzi mwaulere.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makalata olembedwa "The Occupier" kapena "The Resident". Royal Mail imakakamizidwa kuwapereka chifukwa ali ndi adiresi, ndipo ambiri ndi malonda ndithu, koma si onse. Khonsolo imalemba chonchi ikamafufuza anthu oyenera kuvota m'nyumba, ndipo kalatayo ikanena kuti muyankhe inu osayankha, chindapusa chake chikhoza kufika mapaundi 1,000. A TV Licensing, omwe amatolera ndalama za laisensi ya TV, amalembanso chimodzimodzi, makampani a madzi ndi magetsi nawonso. Munthu amene watopa ndi mapepala amayamba kutaya osatsegula, ndipo tsiku lina amataya kalata ya chipatala kapena ya Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, yokhudza chiphaso chake. Chilichonse chomwe chili ndi dzina lanu kapena cha wokhala m'nyumba, tsegulani musanataye, ndipo ng'ambani pomwe pali dzina ndi adiresi musanaponye m'bini.

Makalata a munthu uja anasamukayu musawatsegule ndipo musawawotche. Ndime 84 ya Postal Services Act ya mu 2000 imati ndi mlandu kutsegula kalata yomwe mukudziwa kapena mukukayikira kuti yabwera kwa inu molakwika, popanda chifukwa chomveka komanso ndi cholinga chomupweteka mwini wake. Kutsegula mwangozi si mlandu, choncho ngati zinachitikapo mtima ukhale m'malo. Kuwotcha sikuthandiza chifukwa wotumizayo samva kalikonse ndipo amangopitiriza. Khwatchani adiresi yanu koma dzina lisiyeni lizioneka, lembani "Not known at this address, return to sender", n'kuponya m'bokosi lofiira la positi. Sitampa siifunika. Dzina lakelo mukhozanso kulilembetsa ku Mailing Preference Service ngati la munthu amene anasamuka.

Za ngongole zake musaope. Ngongole imatsata munthu, siitsata nyumba, ndipo mbiri yanu ya ngongole siidetsedwa chifukwa chokhala pa adiresi imodzi ndi iye. Ngati dzina la kampani likuoneka kunja kwa envelopu, ilembereni kuti munthuyo kulibe ndipo inu munalowa tsiku lakuti. Olanda katundu akafika pakhomo, simukukakamizidwa kuwalowetsa pa ngongole wamba ya munthu wina. Aonetseni pa windo pangano lanu la lendi, bilu ya council tax (msonkho wa khonsolo) ndi chiphaso chanu, mulembe dzina la kampani yawo, mudziwitsenso mwini nyumba.

Kalata yonena kuti mwapambana lotale yomwe simunalowe, kapena kuti mwasiyiridwa chuma koma mutumize kaye ndalama pang'ono, si malonda; ndi ukathyali. Musayankhe ngakhale kuti mukane, chifukwa kuyankha kumawatsimikizira kuti pa adiresiyo pali munthu, ndipo dzina lanu amagulitsana. Itumizeni pamodzi ndi envelopu yake ku "Freepost SCAM MAIL", komwe Royal Mail imazisonkhanitsa. Katundu amene kampani yakutumizirani dala musanaitanitse, kenako n'kumafuna malipiro, simukuyenera kumulipira kapena kumubweza. Izi n'zosiyana ndi phukusi la mnansi lomwe lasochera kwa inu. Limenelo ndi lake.

Pa funso losumira lija: n'zotheka, koma si pomwe ndingakuyambitsireni. Information Commissioner's Office ikhoza kudzudzula kampani kapena kuilipiritsa chindapusa, koma siipereka chipukuta misozi kwa wodandaula. Chimenecho chimachokera ku khothi. Ndime 167 ya Data Protection Act imalola County Court kulamula kampani kuti isiye, ndipo Ndime 168 imalola chipukuta misozi ngakhale pa kuvutika mumtima kokha. Komabe oweruza sapereka ndalama pa kukwiyitsidwa pang'ono, ndipo ndalama zomwe loya angakudyereni sizibwezedwa pa milandu ing'onoing'ono. Mlandu umakhala ndi mphamvu pomwe munakana polemba, muli ndi umboni wotumiza, munakumbutsa, kampani n'kupitirizabe kwa miyezi, makamaka ngati zakukhudzani thanzi ndipo dokotala angachitire umboni. Zikafika pamenepo, tumizani kalata yomaliza yowachenjeza kuti mukupita ku khothi, muwapatse masiku osachepera 14, ndipo mapepala onse kawaonetseni kaye ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo kwa anthu, kapena kwa loya musanalipire ndalama yotsegulira mlandu.