Kodi nyuzipepala za ku Ireland n'zodalirika pa nkhani yogula nyumba kunja?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Dublin ndipo ndasunga kandalama pang'ono. Ndimawerenga za nyumba zotsika mtengo ku Spain ndi ku Dubai, koma anzanga akuno amati nyuzipepala zinasocheretsa makolo awo pa nkhani yomweyi. Kodi ndizikhulupirire?

Yankho: Anzanuwo akukumbukira nthawi imene chuma cha Ireland chinkakula mofulumira, yotchedwa Celtic Tiger, makamaka zaka zingapo chisanafike chaka cha 2008, pamene ngongole zinkapezeka mosavuta ndipo anthu wamba ankachita chikole nyumba zawo kubanki kuti agule mafulati ku Sunny Beach ndi ku Bansko m'dziko la Bulgaria, ku Budapest m'dziko la Hungary, ku Algarve m'dziko la Portugal ndi ku Dubai. Ambiri ankalipira nyumba isanamangidwe, atangoona pulani papepala.

Sindikuona kuti atolankhani ankapeka mabodza. Vuto lalikulu linali gwero la manambala awo, chifukwa nthawi zambiri ankawatenga kwa ogulitsa nyumba omwewo. Nkhani ikati mitengo yakwera, kawirikawiri inkanena mtengo umene omanga akutchula pa mafulati atsopano, osati umene munthu angapeze atafuna kugulitsanso yake. Lendi imene ogula ankalonjezedwa kwa zaka zoyamba nthawi zina inali itawerengeredwa kale mumtengo, moti wogula ankangobwezeredwa ndalama zake zomwe. Zimenezi zinkafunika kufufuzidwa, ndipo sizinafufuzidwe mokwanira.

Tikumbukirenso kuti masamba a nkhani za nyumba ankabweretsa ndalama zambiri za otsatsa malonda. Mu 2006 nyuzipepala ya The Irish Times inagula webusaiti yotsatsa nyumba ya MyHome.ie pa mtengo wa mayuro pafupifupi 50 miliyoni. Komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Ireland itafunsa akuluakulu a nyuzipepala mu 2015, iwo anakana kuti otsatsa ankawauza zolemba. Chilungamo chake n'chakuti machenjezo analipo: The Irish Times yomweyo inasindikiza nkhani ya katswiri wa zachuma Morgan Kelly kumapeto kwa 2006 yonena kuti mitengo ya nyumba ku Ireland idzagwa kwambiri. Itagwadi, ogula kunja anapanikizika kawiri, pakuti chikole chawo chinatsika mtengo pamene mafulati akunjawo analibe owagula.

Inuyo, mukawerenga nkhani yotere, yambani mwaona amene akulankhulamo. Ngati onse ali ogulitsa, muiwerenge ngati chotsatsa malonda. Fufuzani mitengo ya mafulati amene eni ake akugulitsanso m'dera lomwelo, funsani ndalama zolipira chaka ndi chaka posamalira nyumbayo ndi miyezi imene imakhala yopanda olowamo, ndipo lembani loya wanuwanu, osati amene wogulitsa wakulozerani. Musanapereke dipoziti, funsaninso ku Revenue, bungwe lotolera misonkho ku Ireland, mmene msonkho wa lendi yochokera kunja ungakukhudzireni malinga ndi mmene mukukhalira ku Ireland.