Njoka ikathawa, yambani mwauza anansi musanasunthe mipando

Asisi, pepani ndi zomwe zakuonekeranizi. Mwati njoka yoweta ya mwana wanu, ya mtundu wa corn snake, inatuluka m'bokosi lake Lachiwiri usiku, mwatembenuza nyumba yonse koma siikuoneka, mnyamatayo wasiya kudya, ndipo mukufunsa kumene mungagule ina ku Lusaka. Za kogulako akuyankhani ena. Ine ndinena za kuifunafuna ndi za bokosi, poti njoka zamtunduwu ndazisunga kuno ku Kapata, ku Chipata, ndipo imodzi inafera m'manja mwa anthu ine ndili kuntchito.

Lero lomwe, musanasunthe mpando wina, tengani foni yomwe ili ndi chithunzi cha njokayo muyende khomo ndi khomo. Aonetseni anansi anu, ana omwe amasewera panja, wantchito wa pakhomo, ngakhale amene amabwera kudzatunga madzi pampopi panu. Auzeni kuti ndi yoweta, inachokera ku America, ilibe ululu, ndipo amene aione asaimenye koma aivindikire ndi chidebe n'kukuimbirani. Lonjezani kangachepe, kaya K50 kaya K100, ana a m'komboni adzakufunirani ndi maso onse. Njoka yothawa kuno siifa ndi njala, imafa ndi khasu.

Yanga inatulukira pa bowo lomwe kalipentala anaboola kumbuyo kwa bokosi kuti padutse waya wa getsi. Ndinamuuza kukula kwake, iye anaboola lalikulu, nati "palibe kanthu abwana, njoka yonseyi singakwane apa". Inakwana. Inadutsa pansi pa chitseko cha kukhitchini n'kukabisala pa mulu wa nkhuni wa mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Mayiyo atanyamula nkhuni m'mawa anakuwa, anyamata anathamanga ndi makasu ndi njerwa, ndipo pomwe ndinkafika madzulo anali ataitentha kale ndi parafini. Ndinangopeza kachidutswa ka mchira pa phulusa. Mayiyo sindinamukwiyire. Munthu wakula akuuzidwa za mphiri ndi mamba, lero aone chinjoka chofiirira cha mawanga ofiira chili pa nkhuni zake, mukuti ayambe wafunsa kuti n'cha ndani? Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi zomwe zinatsatira. Mbiri inamveka komboni monse kuti mnyamata wa pa lendi uja amasunga njoka yokhwimira, ndiye chifukwa chake anagula njinga yamoto. Eni nyumba anandiitanitsa. Mukauza anthu nkhaniyo nokha lero, imakhala nkhani ya chiweto cha mwana. Akaitulukira okha, imakhala nkhani ina, ndipo mukuidziwa.

Ndaona ena pamwambapa akuti thirani Jeyes Fluid m'makona, ena akuti tenthani tayala. Abale, mayiyu akufuna njoka yake ibwerere, sakufuna kuithamangitsa. Amene wanena za guluu wa makoswe, ameneyo musamumvere n'komwe. Njoka ikamatirira pa guluu uja imadzikoka mpaka khungu kung'ambika. Ndipo ngati munaika mankhwala a makoswe m'nyumba, achotseni, chifukwa ikameza khoswe wodya mankhwala nayonso ili pangozi.

Nthawi zambiri njoka zimenezi sizipita kutali masiku oyamba. Zimayenda motsatira khoma, sizikonda kudutsa pakati pa chipinda, ndipo zimafuna malo othina, amdima, ofunda. Yambani m'chipinda momwe muli bokosilo. Kuseri kwa filiji, pomwe pali injini yake, ndiye malo oyamba. Kenako kuseri kwa TV ndi dikoda, pansi pa sofa (itembenuzeni, nsalu yapansi ija ikang'ambika pang'ono imalowa m'kati), m'nsapato, m'zikwama za kusukulu, m'madilowa mpaka kumbuyo kwake, pakati pa matumba a chimanga. Yang'ananinso m'mwamba, pa makatani ndi pamwamba pa kabati, chifukwa corn snake imakwera kuposa momwe anthu amaganizira. Muuze aliyense m'nyumbamo asadzigwetse pa sofa asanayang'ane, ndipo zovala azikutumule asanazichape.

Masana mungotaya nthawi. Imayenda kukayamba kuda ndi usiku. Musanagone, wazani ufa woyera mzere wopyapyala pakhomo la chipinda chilichonse, mutseke zitseko, pansi pa chitseko chakunja mutsekepo ndi thaulo. M'mawa mzere wa ufa womwe wafufutika ukuuzani chipinda chomwe ili. Ikani mbale ya madzi pansi m'mbali mwa khoma, ndi katoni yaing'ono yoboola pambali pake kuti ipeze pobisala pomwe inu mukupadziwa. Ena amayala mapepala apulasitiki ofwanyafwanya m'mbali mwa khoma, n'kuzimitsa magetsi, n'kukhala chete kumvetsera. Zimathandiza ngati m'nyumba mulibe wailesi ndi ana aphokoso. Mphaka mutsekereni kwina. Bowo lotulutsira madzi kubafa litsekeni tsopano lino.

Ndipo musafulumire kulira maliro. Njoka yathanzi imatha milungu yambiri osadya, ndipo zilipo zomwe zimapezeka patapita mwezi ndi kuposa, zitaonda pang'ono basi. Bokosi lake lisiyeni pansi, lotsekula, madzi ali momwemo.

Tsopano bokosilo, chifukwa kaya ipezeka iyi kaya mugula ina, mukaibwezera momwe inatulukamo idzatulukanso. Lamulo lake ndi limodzi: pomwe mutu ukwana, thupi lonse lidutsa. Yaikulu imafika mita imodzi mpaka imodzi ndi theka, koma mutu wake ndi wochepa, ndipo yaing'ono imadutsa pa mpata womwe inu simungauwerengere. Usiku imazungulira bokosi lonse ikukankha ndi mphuno, kufuna pofooka. Chivindikiro chongosanjika, ngakhale mutaikapo mabuku kapena njerwa, imachitukula pakona. Pamafunika zokowera zachitsulo mbali zonse zinayi, ndi loko ngati m'nyumba mumabwera ana a eni. Ngati ndi bokosi la magalasi otsetsereka, onani mpata wa pakati pa magalasi awiriwo, ndipo galasi lokhalo imatha kulikankha ngati mulibe kaloko. Pa mabowo a mpweya ikani sefa yachitsulo yokhomera ndi masikuluwu, osati neti ya udzudzu yomata ndi selotepi. Selotepi m'kati mwa bokosi ndi yoopsa ngati guluu uja. Bowo la waya litsekeni ndi silikoni.

Kwa yaing'ono, ine ndimakonda chibokosi chapulasitiki chija chosungiramo zovala, cha chivindikiro chokowera. Kuno ku Chipata chimapezeka m'masitolo a ku Down Shops. Mabowo muboole nokha ndi msomali wotentha, ang'onoang'ono ambiri, osati akuluakulu ochepa. Chipimeni musanalipire: kokani chivindikiro pakati pa mbali yaitali, chikatukuka mpaka kulowa chala chaching'ono, muonjezere zopanira. Mukapita kwa kalipentala, muime pomwepo akamaboola.

Za mwanayo. Musamunamize kuti njoka yapita kutchire kukakhala ndi anzake. Ana amamva zinthu kwa anzawo panjira, ndipo akadzamva kuti inaphedwa kuseri kwa nyumba inu mukudziwa, adzasiya kukukhulupirirani. Ngati ipezeka yakufa, muuzeni, mumulole aikwirire yekha kuseri kwa nyumba ngati akufuna. Chovuta pa imfa ya njoka n'chakuti palibe amene amakupepesa. Galu akafa anthu amati pepani. Njoka ikafa amati zikomo Mulungu, ena amaseka pamaso pako. Ine munthu wamkulu ndinakhala masiku osafuna kuyang'ana bokosi lopanda kanthu lija, ndipo ndinalibe womuuza kupatula mng'ono wanga. Ndiye inu mukhale munthu mmodziyo amene sakuseka. Aletseni azakhali ndi amalume kumunena kuti akulirira chinthu chachabe. Ngati ndi iye anaiwala kutseka, akudziwa kale, safunika kukumbutsidwa pa chakudya chilichonse. Mpatseni ntchito: awaze ufa ndi iye, ayang'ane mizere m'mawa ndi iye. Mwana amene ali ndi chochita amayamba kudya.

Kugula ina sabata ino ine sindikuvomereza. Njoka imeneyi ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, kutanthauza kuti mnyamatayo adzapita ku koleji n'kukusiyirani inu. Komanso yoyambayo ikatulukira kuseri kwa filiji mwezi wamawa, mudzakhala ndi ziwiri, ndipo siziyenera kukhala m'bokosi limodzi. Mukadzafika pogula, yambani mwafunsa ku ofesi ya National Parks and Wildlife, omwe ambiri timawatchabe a ZAWA, za mapepala ake. Wogulitsa amene akukana kukamba za mapepala, msiyeni.

Kwina mwatchula kuti bokosi linali pawindo. Lichotsenipo. Dzuwa la Okutobala kuno likamenya pa galasi, njoka imafa masana amodzi, ilibe kothawira. Mbali yofunda ya bokosi izikhala cha m'ma digiri 28 mpaka 30, mbali inayo yozizirirapo, ndipo nyengo yotentha simufunika chotenthetsera chilichonse. Mu Juni ndi Julaye ndiye mungachifune usiku. Mvula ikayamba samalani linthumbu, likalowa m'nyumba nyama ya m'bokosi siipulumuka, choncho miyendo ya tebulo lake muziiika m'zitini za madzi. Ndipo mbewa zokumba kumunda zisiyireni ife anthu, njoka muzigulira zoweta zouma ndi ayezi, chifukwa zakutchire zimabwera ndi nyongolotsi ndi nthata. Malaiti akapita tsiku lonse mbewazo n'kusungunuka mufiliji, tayani, musaziumitsenso.