Yankho kwa inu amene ntchito yakutherani mwadzidzidzi

Mwafunsa kuti mungatani popeza ntchito imene mwagwira zaka zambiri yatha mwadzidzidzi, ndipo usiku mukusowa tulo. Inenso zinandichitikirapo, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri sichinali kusowa kwa malipiro, koma kudzuka m'mawa n'kuvala nsapato, kenako n'kukumbukira kuti palibe kumene ndikupita. Kwa milungu iwiri ndinawabisira akunyumba, ndipo bodza limenelo linandilemera kuposa vuto lenilenilo; choncho auzeni apabanja panu msanga, chifukwa nawonso ayenera kusintha kagwiritsidwe ntchito ka ndalama.

Musanasaine chikalata chilichonse chochokera kwa abwana anu, werengani modekha mgwirizano wanu wa ntchito kuti mudziwe zimene mukuyenera kulandira, monga malipiro a masiku a tchuthi amene simunawatenge, ndipo pemphani kalata yochitira umboni za ntchito yanu anthu asanakuiwaleni. Ngati muli ndi ngongole, pitani kwa amene anakubwerekani tsiku lobweza lisanafike, pakuti munthu wobwera yekha amamvedwa bwino kuposa wochita kusakidwa. Ndalama zimene mungalandire musathamangire kuyambitsira bizinesi imene simukuidziwa mtima ukadali wowawa. Dikirani kaye mwezi umodzi kapena iwiri.