Nsonga ziwiri m'malo mwa imodzi: vuto ndi fyuluta kapena kayezedwe?

Owerenga ena atilembera kuti anapanga fyuluta ya guided-mode resonance, kagalasi kokhala ndi timizere tating'ono kwambiri pamwamba, yoti izibweza kuwala kwa wavelength (kutalika kwa funde la kuwala) ya 850 nm (nanomita). Pakompyuta RCWA, njira yowerengera mmene kuwala kumabwerera pa timizere, inaonetsa pagirafu ya kuwala kobwerera nsonga imodzi yopyapyala yofika pafupi 100 peresenti, koma atayeza anapeza nsonga ziwiri zazifupi ndi zotambalala. Akufunsa ngati ayambirenso kupanga.

Musafulumire kuitaya. Yambani mwaunika kuwala komwe mukuyezera.

Timizere ta pamwamba pa fyuluta, tinene kuti tikubwerezabwereza pa 550 nm iliyonse, timapatutsa mbali ina ya kuwala n'kuilowetsa m'kachigawo kopyapyala ka silicon nitride kapena titanium dioxide kamene kali pagalasi. Kuwalako kumayenda cham'mbali m'kachigawomo, n'kumatulukanso pang'onopang'ono kudzera pa timizere tomweto. Pa wavelength imodzi, kotulukako kumafafanizana ndi komwe kumadutsa molunjika, ndiye pafupifupi konse kumabwerera. Kuwala kukagwera chowongoka, wavelength imeneyi imapezeka mukachulukitsa 550 nm ndi effective index, nambala yosonyeza mmene kuwala kumachedwera poyenda m'kachigawomo. Index ikakhala 1.55, mupeza cha m'ma 852 nm.

Tsono pendeketsani fyulutayo digiri imodzi yokha mopingasa timizere. Kuwala kopita kumanja ndi kopita kumanzere sikugwirizananso, nsonga imagawika pawiri, ina kukwera ndi pafupifupi 9.6 nm, inayo kutsika chimodzimodzi. Nsonga zanu ziwiri zachokera pamenepa. Ikani fyuluta pachozungulitsira, muziitembenuza pang'onopang'ono uku mukuyang'ana spectrometer, chipangizo choyezera kuwala pa wavelength iliyonse, mpaka nsongazo zitakumana.

Kufupika ndi kutambalala kuli ndi gwero lina. RCWA imawerengera ngati kuti kuwala konse kukubwera mbali imodzi ndipo timizere tilibe malire. Mukaunjika kuwala ndi lenzi ya NA 0.1 (NA ndi muyezo wa kukula kwa ngodya imene lenzi imaunjikira kuwala), mwakumwaza pafupifupi madigiri 6 mbali iliyonse, pomwe nsonga yotambalala 1 nm imasokonekera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri. Chotsani lenziyo, muike collimator, chipangizo chowongola kuwala kuti kuziyenda mbali imodzi, kuwala kukhale kotambalala mamilimita awiri kapena atatu, ndipo konse kugwere pamene pali timizere. Polarizer, imene imalola kudutsa kuwala kogwedezeka mbali imodzi yokha, musaiiwale. TE ndi TM, mbali ziwiri zimene kuwala kumagwedezekera, zili ndi nsonga pamalo osiyana, choncho kuwala kosakaniza zonse ziwiri sikungabwerere kupitirira theka pa nsonga iliyonse.

Zonsezi zikakonzeka koma nsonga n'kukhalabe pamalo olakwika, apo ndiye mukayeze chipangizocho ndi maikulosikopu ya SEM kapena AFM. Mpata wa timizere ukaphonya ndi 1 nm, nsonga imasuntha pafupifupi 1.5 nm. Timizere tikazama kwambiri nsonga imatambalala, ndipo m'mbali mwa timizere mukakhala mokhakhala kuwala kumamwazika, nsonga n'kutsika.

Mwatchulanso zoti mudzaigwiritse ntchito ngati sensa ya mapuloteni. Imamva zokhazo zimene zili pafupi, mkati mwa 100 mpaka 200 nm kuchokera pamwamba pake, ndipo index ya madzi imatsika ndi pafupifupi 0.0001 pa digiri iliyonse ya kutentha, zomwe zimasunthanso nsonga. Siyani kachigawo kena kopanda zogwirira mapuloteni pambali, muziyeza zonse nthawi imodzi n'kuchotsera kusuntha kwa kameneko.