Vayolini ikungosintha kaliridwe yokha, ndalakwitsa pati?

Mbale wina wandilembera imelo. Akuti akupanga nyimbo pa kompyuta ndi vayolini ya mu Kontakt, pulogalamu yoliza mawu a zida zoimbira ojambulidwa kale (sampler), ndipo akufuna iyambe ndi pizzicato, kuliza zingwe ndi chala kuja, kenako pa kolasi ilowe legato, kuliza ndi uta manoti olumikizana. Anaika ma keyswitch, manoti osinthira kaliridwe, mu piano roll, momwe amalembamo manoti, ndipo poyamba zinkayenda. Koma akadina play pakati pa nyimbo, vayolini imalira mmene yafunira, ndipo tsiku lomwe anakweza nyimbo yonse ndi ma semitone awiri, ndiye kuti makiyi awiri pa kiyibodi, zonse zinasokonekera.

Achimwene, makutu anu ali bwinobwino, vuto ndi keyswitch yomweyo. Keyswitch ndi noti wamba, kungoti imakhala pamalo pomwe chidacho sichifika. Kumunsi vayolini imathera pa G, noti nambala 55 pa MIDI, chilankhulo chomwe kiyibodi ndi kompyuta zimatumizirana manoti, ndiye opanga ma library, mitolo ya mawu ojambulidwawo, amabisa malamulo awo kumunsi kwa pamenepo. Noti yotere simveka, imangonong'oneza sampler kuti tsopano siya uta, gwiritsa chala. Koma pulogalamu yanu yopangira nyimbo sidziwa chinsinsi chimenechi, imaiona ngati noti ina iliyonse. Mukakweza nyimbo nayonso imakwera, C n'kusanduka D, pomwe D ameneyo mwina ndi tremolo, kunjenjemeretsa uta. Mukayambira pakati, sampler silandira lamulo latsopano, imangopitiriza ndi lomwe inamva komaliza.

Langizo langa ndi lakuti muchotse ma keyswitch pakati pa manoti a nyimbo, muwapatse nyumba yawoyawo. Simunatchule pulogalamu yomwe mumagwiritsa ntchito, koma zambiri zili ndi njira yake. Cubase ili ndi Expression Maps, Logic Pro ili ndi Articulation Sets, Studio One ili ndi Sound Variations, ndipo a Reaper amaika Reaticulate, yomwe ndi yaulere. Ntchito yake ndi imodzimodzi: mumalemba kamodzi kuti legato ndi noti yakuti, pizzicato ndi yakuti, kenako posankha manoti mumangowapatsa dzina. Zomwe mwalembazo ndiye mapu; asungeni, mawa simudzayambiranso.

Polemba mapu m'pamene pali dzenje lomwe ineyo ndinagweramo. C wapakati pa kiyibodi ndi noti nambala 60, koma mapulogalamu ena amamutcha C3, ena C4, FL Studio imamutcha C5. Buku la library likanena kuti staccato, kaliridwe ka manoti aafupi odukaduka, ili pa C0, mwina C0 wake si wanu. Ndinakhalapo usiku wonse ndikudina, khofi mpaka kuzizira, vayolini osasintha kanthu, ndikuganiza kuti library inafa. Kunali kusemphana kwa octave imodzi yokha basi, kuchoka pa C wina kufika pa C wotsatira. Kuyambira pamenepo ndimatsegula Kontakt, n'kudina makiyi akumunsiwo limodzilimodzi pa kiyibodi, n'kulemba nambala ya MIDI, osati dzina.

Mapu akatheka mudzaona kuti legato ikumveka ngati yachedwa pang'ono. Si vuto ayi, opanga library anajambula ndi kutsetsereka komwe kwa chala kuchoka noti ina kupita ina. Ikani track delay ya negative, kuti vayolini iziyamba kulira msanga pang'ono, mpaka igwirizane ndi ng'oma. Musaiwalenso mod wheel, kagudumu ka pa kiyibodi komwe pa MIDI ndi CC1, poti m'ma library ambiri manoti aatali amapeza mphamvu kumeneko, pomwe aafupi amamvera velocity, mphamvu yomwe mwadinira kiyi.

Ngati zamapu zakukulirani lero, pizzicato ikhale pa track yake, legato pa yake. Ma track achuluka, koma mukweza nyimbo mmene mungafunire popanda chosokonekera.