Funsani za agalu: golden retriever woyera ndiye wabwino kuposa wofiirira?

Funso: Ndikufuna kuyamba kuweta agalu a golden retriever ogulitsa. Ogula ambiri akufuna oyera aja owatcha English Cream, akuti ndi osowa komanso sadwaladwala khansa. Ndikweretse bwanji kuti ana onse azibadwa oyera?
Bambo wina, Johannesburg

Yankho: Bambo, tiyambe ndi dzinalo. Palibe mtundu wa agalu wotchedwa English Cream. Ndi dzina lokopera ogula lomwe linafala ku America. Woyererako ndi wofiirira onse ndi fuko limodzi, lomwe linayambira ku Guisachan m'dziko la Scotland mu 1868, pomwe Dudley Marjoribanks, yemwe anadzakhala Lord Tweedmouth, anakweretsa galu wachikasu dzina lake Nous ndi wamkazi dzina lake Belle.

Kusiyana kuli pa malamulo a zionetsero. Bungwe la Kennel Club la ku Britain limalola ubweya wagolide wamtundu uliwonse, ndipo kuyambira mu 1936 limalolanso wa kirimu, koma limakana wofiira kwambiri. La American Kennel Club silikondwera ndi woyera kwambiri ngakhalenso wodera mopitirira. N'chifukwa chake oyererako amaoneka achilendo ku America pomwe ku Ulaya ali mbwee. Ku South Africa komwe muliko, bungwe la agalu la Kennel Union of Southern Africa (KUSA) limatsata muyezo wa ku Britain, choncho mawu akuti "osowa" asakunyengeni.

Golden retriever aliyense amatengera kwa makolo onse awiri mtundu wina wa jini (kanthu ka m'thupi konyamula chibadwa) yotchedwa MC1R, womwe umatsekereza utoto wakuda kulowa mu ubweya. Chotsala ndi utoto wachikasu ndi wofiirira, ndipo kuchuluka kwake kumalamulidwa ndi majini angapo pamodzi. Mukakweretsa oyererako awiri, ana ambiri adzakhala oyererako, koma osati onse ofanana ndendende. Mukasakaniza woyererako ndi wofiirira, ambiri amagwera pakati. Yang'ananinso agogo a agaluwo, amakuuzani zambiri kuposa makolo okha. Dziwaninso kuti kirimu si kuyera kwa mbee ngati pepala.

Vuto limabwera woweta akamasankha ndi maso okha. Agalu oyera kwambiri ndi ochepa m'dera lililonse, ndiye anthu amathamangira mphongo imodzimodziyo, kapena kukweretsa apachibale. Galu akakwera mwana wake, kapena mlongo wake wa bere limodzi, muyezo wa chibale mwa ana umafika 25 peresenti. Akakhala a bambo mmodzi amayi osiyana, 12.5 peresenti. Apa ndi pomwe matenda obisika amatulukira. Chitsanzo ndi ichthyosis, nthenda yomwe khungu limafundula timamba, ndipo ndi yofala m'mabanja a agalu ochokera ku Ulaya, omwewo amene oyererako ambiri amachokerako. Agalu awiri ooneka athanzi koma onyamula jini ya nthendayi akakwerana, mwana mmodzi mwa anayi aliwonse akhoza kudwala, awiri n'kukhala onyamula.

Za khansa nazo anthu amazipotoza. Kafukufuku wa Golden Retriever Club of America wa mu 1998 anapeza kuti agaluwa oposa 60 pa 100 alionse amafa ndi khansa, pomwe wa ku Britain wa mu 2004 anapeza pafupifupi 39. Koma ankawerenga agalu a maiko awiri osiyana, sankawagawa potengera ubweya. Palibe umboni woti kuyera kumateteza galu.

Musanakweretse, pitani kwa dokotala wa ziweto akajambule ekisire ya mfundo za m'chiuno ndi zigongono. Pa muyezo wa ku Britain galu amajambulidwa atakwanitsa miyezi 12: chiuno chimapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 106, ndipo ochepa ndiwo abwino, chigongono 0 mpaka 3, inu funani 0. Maso apimidwe chaka ndi chaka, mtima umvetseredwe, ndipo DNA iyezedwe pa ichthyosis ndi nthenda za maso zochititsa khungu za prcd-PRA, GR-PRA1 ndi GR-PRA2. Wonyamula jini yoipa mumukweretse ndi wopanda jiniyo basi. Wamkazi adikire kufika zaka ziwiri. Mphongo ziwiri zikapambana zonsezi, zili zofatsa mofanana, pamenepo sankhani yoyerayo ngati ndi imene msika ukufuna. Sitikuletsani.

Funso: Ndinagula kagalu koyera kali ndi masabata 8. Pano kali ndi miyezi 10 ndipo msana wasanduka wagolide. Kodi anandipusitsa?
Mayi wina, Leeds

Yankho: Ayi mayi, mwina sanakufotokozereni chabe. Pafupifupi onse amabadwa oyererako n'kumadera akamakula, ndipo ubweya umakhazikika galu akamafika zaka ziwiri kapena zitatu. Pogula, yang'anani makutu: mtundu wa kunsonga kwa makutu a kagalu ndiwo umayandikira mtundu womwe thupi lonse lidzakhale nawo. Akadzakalamba nkhope idzatuwanso, imeneyo ndi imvi. Musamumete pofuna kubwezeretsa kuyera. Ali ndi ubweya wosanjikiza kawiri, wamkati wofewa ndi wakunja wosalowa madzi, ndipo ukametedwa umatha kumera mwa zigambazigamba.

Funso: Galu wanga wa golden retriever, yemwe anakweredwa ndi golden retriever mnzake, waswa ana 7, awiri ndi akuda bii. Mwini mphongo akuti ndi magazi a makolo akale. N'zoona?
Wowerenga wa ku Lusaka

Yankho: N'zoona kuti m'mbiri ya fukoli muli agalu akuda, koma golden retriever awiri enieni sangabereke mwana wakuda thupi lonse, chifukwa onse alibe jini yolola utoto wakuda kufika mu ubweya. Kachigamba kakuda pamalo amodzi kamachitika mwa apo ndi apo, ndipo sikapita kwa ana. Koma awiri akuda bii, ndiye kuti panalowa mphongo ina. Galu wamkazi akatentha amatha kukweredwa ndi amphongo angapo, ana a bere limodzi n'kukhala ndi abambo osiyana. Kumbukirani amene analumpha mpanda pafupifupi masiku 63 ana asanabadwe, ndipo musanalembetse mwana aliyense, ngakhale agolidewo, yezetsani DNA ya ana onse 7 pamodzi ndi mphongoyo.